Piritsi la Mwini, Poizoni wa Galu

Galu akabwera kuchokera ku uzimba akutsimphina, kapena akagundidwa ndi njinga yamoto n'kumangobuula usiku wonse kuseri kwa nyumba, mwini wake wachifundo sachedwa kupeza chochita. M'nyumba zambiri simusowa Panado kapena Brufen wotsala, ndipo akatha, pa okala ya pafupi amagulitsa. Munthu amatenga piritsi, n'kulikwirira mu mbamu ya nsima, n'kumuponyera galuyo. Maganizo ake amakhala akuti mankhwalawa amandichiza ine, amachiza ana anga, nanga angakanike bwanji pa galu? Akuluakulu amati chifundo chinapha nkhwali, koma pa nkhani ino wofa ndi wochitiridwa chifundoyo, ndipo kawirikawiri mwini galu sadziwa n'komwe kuti dzanja lake ndilo lapha. Galuyo akafa patapita masiku anayi, amati anavulalira m'kati, kapena amaloza chala mnansi kuti wamuthirira tameki.

Vuto loyamba ndi la sikelo. Mankhwala amayezedwa potengera kulemera kwa thupi la womwayo, ndipo mapiritsi a m'sitolo anapangidwira munthu wamkulu. Piritsi limodzi la Panado limakhala ndi mamiligalamu 500 a paracetamol. Munthu wa makilogalamu 60 akamwa awiri, kilogalamu iliyonse ya thupi lake imalandira mamiligalamu pafupifupi 17. Kamwana ka galu ka makilogalamu 3 kakameza piritsi limodzi lokha, kilogalamu iliyonse imalandira mamiligalamu 167, pamene chiwindi cha galu chimayamba kuwonongeka pa mlingo wa mamiligalamu 100 pa kilogalamu. Pa Brufen, amene dzina lake lenileni ndi ibuprofen, malire ali pafupi kwambiri. Madokotala a ziweto amayembekezera kusanza ndi kupweteka kwa m'mimba kuyambira pa mamiligalamu 25 pa kilogalamu, kuwonongeka kwa impso kupyola 175, ndipo kupyola 400 mankhwala amafika ku ubongo: galu amadzandira, amagwa ngati wakhunyu, amakomoka. Galu wa kumudzi wa makilogalamu 12 akapatsidwa piritsi limodzi la mamiligalamu 400 wadutsa kale malire oyambawo.

Wina anganene kuti ngati vuto ndi kukula kwa piritsi, ndingolibenthula pakati. Kubenthula sikupulumutsa. Pa kafukufuku wakale wa ibuprofen, agalu amene ankapatsidwa mamiligalamu 8 okha pa kilogalamu tsiku lililonse kwa mwezi umodzi anapezeka ndi zilonda m'chifu. Kwa galu wa makilogalamu 12 uja, mlingo umenewu ndi theka chabe la piritsi laling'ono la mamiligalamu 200. Choncho nkhaniyi siithera pa sikelo. Thupi la galu limayendetsa mankhwalawa m'njira yakeyake.

Zimene mankhwalawa amachita m'thupi

Aspirin anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Bayer ku Germany mu 1899, ndipo anthu anamumwa kwa zaka zoposa 70 popanda wodziwa bwino momwe amaphera ululu. Ibuprofen nayenso, amene Stewart Adams ndi John Nicholson anamutulukira ku kampani ya Boots mumzinda wa Nottingham mu 1961, anafika m'mafamase a ku Britain mu 1969 ndi dzina loti Brufen chinsinsicho chisanaululike. Anachiulula ndi John Vane ku London mu 1971, ndipo ntchitoyo inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1982. Vane anaonetsa kuti aspirin ndi abale ake amaletsa thupi kupanga tinthu tina totchedwa prostaglandin. Pamalo pamene pavulala, tinthu timeneti ndi timene timatupitsa, kutenthetsa ndi kuchititsa kuti mitsempha imve ululu msanga. Tikachepa, kutupa kumaphwa ndipo ululu umazirala. Ibuprofen, diclofenac, naproxen, indomethacin ndi aspirin onse amagwira ntchito motero, n'chifukwa chake madokotala amawaika m'gulu limodzi lotchedwa NSAID.

Tsoka lake n'lakuti prostaglandin sagwira ntchito imodzi. M'chifu muli asidi wamphamvu wogaya nyama, ndipo chifucho nachonso ndi nyama. Chimene chimachiteteza kuti chisadzigaye chokha ndi madzi onanda, oterera ngati therere, amene amamata khoma lake lonse, pamodzi ndi magazi ambiri oyenda m'khomamo okonza msanga pamene pakalika. Zonsezi amaziyendetsa ndi prostaglandin yemweyo. Mankhwala akamutseka, khoma limatsala poyera, asidi n'kuyamba kulidya. Pamayamba timikwingwirima, kenaka zilonda zotuluka magazi, ndipo chilonda chikakula chimaboola chifu kapena matumbo, zam'kati n'kukhuthukira m'mimba monse. Galu wofika pamenepa sapulumuka popanda opaleshoni ya msanga, ndipo ngakhale ndi opaleshoniyo ambiri amapita.

Ku impso nkhani yake njobisika kwambiri, ndipo ndi imene anthu ambiri saidziwa. Nyama ikakhala ndi madzi okwanira m'thupi, impso sizidalira kwenikweni prostaglandin. Koma madzi akachepa, thupi limafinya mitsempha ya magazi pofuna kusunga otsalawo, ndipo apa prostaglandin ndi amene amatsekula mitsempha ya ku impso kuti zisaume. Tsono ganizirani galu amene amapatsidwa piritsi: ndi uja wataya magazi pangozi, uja wagona masiku awiri osadya osamwa, uja wamangidwa pa tcheni padzuwa la mu Okutobala m'mbale mulibe dontho. Ameneyo ndiye amene impso zake zikukhalira moyo prostaglandin, ndipo piritsi limabwera kudzatseka khomo lotsala lokhalo. Galu wokalamba, kamwana ka galu, ndi galu amene akumwa kale mankhwala ngati prednisolone kapena dexamethasone ali pangozi yokulirapo.

Munthu nayenso ali ndi chifu ndi impso, ndipo anthu omwa Brufen mosasamala amadwaladi zilonda za m'mimba. Kusiyana kuli pa liwiro limene thupi limatulutsira mankhwala. Asayansi amayeza nthawi imene thupi limatenga kuti lichotse theka la mankhwala amene ali m'magazi. Pa naproxen, munthu amatenga maola 12 mpaka 17. Galu amatenga pafupifupi maola 74, amene ndi masiku atatu athunthu. Chifukwa chake n'chakuti mwa munthu mankhwalawa amatuluka makamaka mu mkodzo, pamene mwa galu chiwindi chimawatayira mu ndulu, ndulu n'kuwathira m'matumbo, matumbo n'kuwayamwanso kubwerera m'magazi. Amangozungulira choncho, ndipo ulendo uliwonse amapalanso khoma la matumbo. Ibuprofen nayenso amazungulira motero mwa galu. Mwini galu akapereka piritsi m'mawa, lina masana, lina madzulo monga amachitira yekha, amakhala akuunjika mankhwala pamwamba pa ena amene sanatuluke.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti mankhwalawa amaphadi ululu wa galu. Tsiku loyamba galu amadzuka, amagwedeza mchira, amaponda ndi mwendo uja. Mwini amakondwa, n'kuwonjezera lina. Zizindikiro zoipa zimabwera pambuyo: kukana chakudya, kusanza, nthawi zina masanzi a magazi kapena okhala ndi tinthu takuda ta magazi ogayika, kupinda msana chifukwa cha m'mimba, ndi chimbudzi chakuda bii, chomata, chonunkha kwambiri. Kuda kumeneko ndi magazi amene atuluka m'chifu n'kugayidwa m'njira. Usinini umayera. Impso zikakhudzidwa, zimene zingaoneke patapita tsiku limodzi mpaka masiku angapo, galu amamwa madzi mosalekeza ndi kukodzakodza, ndipo zikafika poipa mkodzo umasiyiratu.

Panado ali ndi njira yake

Paracetamol sali m'gulu la NSAID, ndipo saboola chifu. Iye amapha kudzera m'chiwindi ndi m'magazi. Chiwindi chimagwira mbali yaikulu ya mankhwalawa n'kuimangirira ku tinthu tina kuti ituluke bwinobwino mu mkodzo. Kambali kochepa kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI, amene chiwindi chimamuzimitsa ndi chitetezo chake chotchedwa glutathione. Mlingo ukachuluka, njira yabwino ija imadzaza, poizoni amachuluka, glutathione amatha, ndipo chiwindi chimayamba kufa pang'onopang'ono. Patapita tsiku limodzi mpaka atatu, maso ndi usinini zimasanduka zachikasu. Pa mlingo wa mamiligalamu 200 pa kilogalamu magazi enieniwo amawonongeka, moti amalephera kunyamula mpweya wabwino. Galu amapuma mwawefuwefu ngakhale mapapo ake ali bwino, usinini umakhala wa mtundu wa khofi, ndipo nkhope ndi mapazi zimatha kutupa.

Kunena zoona, paracetamol amagwiritsidwa ntchito pa agalu. Ku Britain kuli mapiritsi a agalu otchedwa Pardale-V, osakaniza paracetamol ndi codeine, ndipo madokotala a ziweto m'mayiko ambiri amalembera galu paracetamol akamuyeza pa sikelo ndi kuonetsetsa kuti chiwindi chake chili bwino. Ena akamva zimenezi amati ndiye kuti palibe vuto. Koma chimene chimasiyanitsa mankhwala ndi poizoni pamenepa ndi sikelo ija ndi diso la wodziwa, ndipo zonse ziwirizi pa khonde la nyumba sizikhalapo. Palinso mapiritsi ambiri a mutu ndi a chimfine amene amasakaniza paracetamol ndi aspirin, caffeine kapena mankhwala otsekula mphuno, ndipo chilichonse mwa zimenezi chili ndi ngozi yake kwa galu.

Pa mphaka palibe zokambirana. Chiwindi cha mphaka chilibe mphamvu yokwanira ya njira yabwino ija yomangirira paracetamol, chilema chimene amphaka onse amabadwa nacho, ngakhale mikango ndi akambuku. Mamiligalamu 10 pa kilogalamu angathe kumudwalitsa, ndipo piritsi limodzi la Panado likhoza kupha mphaka wamkulu.

Miimba ya ku India ndi makoswe

Dziko linaphunzira mowawa kuti mankhwala abwino kwa nyama ina akhoza kukhala imfa kwa inzake. M'zaka za m'ma 1990, miimba ya ku India, Pakistan ndi Nepal, imene inkauluka miyandamiyanda, inayamba kugwa m'mitengo n'kufa. Kwa zaka zingapo anthu ankaganizira mliri wa kachilombo. Mu 2004 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Lindsay Oaks wa ku Washington State University linaonetsa kuti wakupha anali diclofenac, yemwe uja timamwa msana ukavuta. Alimi ankabaya nawo ng'ombe zodwala, ndipo ng'ombezo mankhwalawa ankazithandiza. Koma ng'ombe ikafa mankhwala akadali m'thupi, muimba wodya nyamayo impso zake zinkafa m'masiku ochepa. Mtundu wina wa miimba, Gyps bengalensis, unachepa ndi 99 pa 100 iliyonse, kapena kuposa. Mu 2006 mayiko atatuwo analetsa diclofenac wa ziweto, ndipo m'malo mwake analimbikitsa meloxicam, amene anapezeka kuti sapha miimba. Mitembo ya ng'ombe imene miimba inkayeretsa inatsalira agalu oyendayenda, amene anachulukana ku India, dziko limene chiwewe chinali kale vuto lalikulu.

Chitsanzo china chili pafupi nafe. M'mayiko ena a mu Africa, monga Nigeria, anthu amatsekula makapisozi a indomethacin, odziwika ndi dzina loti Indocid, n'kusakaniza ufa wake ndi chakudya kuti aphere makoswe. Khoswe amafadi, ndipo chimamupha ndi zilonda ndi kutaya magazi m'matumbo, zomwe zija tafotokoza. Munthu amene amadziwa kuti kapisozi yemweyo amene amamwa mawondo akamaphwanya ndi wophera makoswe sayenera kudabwa kumva kuti ndi woopsa kwa galu. Indomethacin ali m'gulu la mankhwala oipitsitsa pa chifu cha galu, ndipo nyambo yotchera khoswe kuseri kwa thumba la chimanga galu amaipezanso.

Si nthawi zonse pamene mwini amachita kupereka. Ku America, bungwe la ASPCA lili ndi malo olandira mafoni a anthu amene ziweto zawo zadya poizoni, ndipo kwa zaka zingapo zotsatizana mankhwala a anthu ogula popanda kalata ya dokotala, monga ibuprofen ndi paracetamol, akhala pamwamba pa mndandanda wawo. Mapiritsi ambiri a ibuprofen amakutidwa ndi shuga, mankhwala amadzi a ana amatsekemera, ndipo kagalu kongomera mano kamatafuna chilichonse. Kagalu ka makilogalamu 5 kakatafuna kapepala ka mapiritsi 10 a mamiligalamu 400, kameza mamiligalamu 800 pa kilogalamu, kuwirikiza kawiri mlingo wofika ku ubongo. Mankhwala opaka nawonso sasiyana ndi akumwa ngati chiweto chanyambita. Mu 2015 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu amphaka ena atafa m'nyumba zimene eni ake ankadzola mankhwala a ululu okhala ndi flurbiprofen, m'bale wake wa ibuprofen.

Zikachitika

Nthawi ndiyo imalamula. M'maola awiri oyamba, mankhwala ambiri akadali m'chifu, dokotala wa ziweto angathe kumubaya galu jakisoni womusanzitsa, kenaka n'kumumwetsa makala a kuchipatala amene amagwira poizoni m'matumbo. Pa ibuprofen ndi naproxen makalawa amaperekedwa kangapo, pofuna kudula kuzungulira kuja kwa pakati pa ndulu ndi matumbo. Galu amaikidwa dripi, nthawi zambiri kwa masiku awiri, kuti impso zisaume, ndipo amapatsidwa mankhwala oteteza chifu monga omeprazole, sucralfate ndi misoprostol. Paracetamol ali ndi mankhwala ake omugonjetsa, N-acetylcysteine, omwewo amene madokotala amapatsa munthu womwa Panado wambiri. Amathandiza chiwindi kupanganso glutathione, koma amagwira bwino akaperekedwa m'maola oyambirira. Wodikira kuti aone kaye ngati galu adwale amataya nthawi yokhayo imene ikanamupulumutsa, chifukwa pofika pamene chimbudzi chada, chilonda chaboola kale mtsempha.

Njira zapakhomo zimene timazidalira pa poizoni pano sizithandiza. Mkaka suchotsa mankhwala m'magazi. Mafuta ophikira okakamiza amatha kulowera ku mapapo. Madzi a mchere wambiri omusanzitsira galu ndi poizoni paokha, amatha kuwononga ubongo. Makala a pa mbaula si ofanana ndi a kuchipatala, amene amawotchedwa mwapadera kuti akhale ndi timabowo tambirimbiri togwira poizoni. Chothandiza n'kumuikira galu madzi akumwa, kutola kapepala kapena botolo la mankhwalawo, kuwerenga mapiritsi amene asowa, n'kunyamuka.

Pofika kwa dokotala, manyazi asiyidwe pakhomo. Mawu ochepa oti, "Adokotala, galuyu ndinamupatsa Brufen awiri dzulo madzulo, wina m'mawa uno," amasintha chithandizo chonse. Dokotala wosauzidwa akhoza kuona galu wotsimphina n'kumubaya NSAID ya agalu, ndipo mankhwala awiri a gulu limodzi akakumana m'thupi ngozi ya zilonda imakula kwambiri. N'chifukwa chake galu amene wamwa aspirin amadikiritsidwa masiku angapo asanayambe mankhwala ena a gululi.

Agalu ali ndi mankhwala awoawo a ululu, ndipo kuwasiya akuvutika si cholinga cha nkhani ino. Carprofen, wodziwika ndi dzina loti Rimadyl, anavomerezedwa pa agalu ku America mu 1996. Pali meloxicam uja anapulumutsa miimba, pali firocoxib, ndipo agalu okalamba a nyamakazi tsopano ali ndi jakisoni wa pamwezi wotchedwa Librela. Carprofen, meloxicam ndi firocoxib ndi a gulu la NSAID lomwelo, koma amatseka kwambiri prostaglandin wa pa chotupa kusiyana ndi wa m'chifu, ndipo mlingo wake unayesedwa pa agalu enieni. Nawonso amavulaza akaperekedwa mosayenera, ndipo meloxicam wa anthu, amene piritsi lake limakhala la mamiligalamu 7.5 kapena 15, ndi wamkulu kwambiri kwa galu wamba.

Ku Malawi madokotala a ziweto ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo sukulu ya LUANAR tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto m'dziko momwemo. Kumudzi wodalirika ndi mlangizi wa ziweto wa boma, amene ngakhale ntchito yake yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, amadziwa mlingo wa mankhwala kuposa wogulitsa pa okala. Iye asanafike pali zambiri zimene mwini angachite popanda piritsi. Galu wovulala agone pamthunzi, pamalo ofewa, asamayendeyende, ndipo madzi akhale pafupi. Wotsimphina ayang'anidwe pakati pa zala, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amakhala munga, kagalasi kapena mphutsi. Bala litsukidwe ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere pang'ono. Fupa lothyoka limafuna kupumula, ndipo ululu ndi umene umamuletsa galu kuliponda. Piritsi likauchotsa, galu amathamanga n'kuliwononga kwambiri. Galu aliyense womva ululu amaluma, ngakhale mwini wake, choncho pomugwira pabala ndi bwino kumumanga pakamwa ndi kansalu, pokhapokha ngati akusanza kapena akupuma movutika.

Pali galu mmodzi amene sayenera kugwiridwa pakamwa ngakhale pang'ono. Galu wosintha khalidwe mwadzidzidzi, wotuluka dovu, wolephera kumeza, wogwa chibwano kapena wofooka miyendo yakumbuyo amaoneka ngati akumva ululu kapena watsamwa ndi fupa, ndipo mwini wachifundo amafuna kumukanula kukamwa kuti aone kapena kuti akankhiremo piritsi. Zimenezo ndi zizindikiro za chiwewe, ndipo kachilombo kake kamakhala m'malovu. Kamalowa pa kachilonda kakang'ono ka pa chala. Galu wotero atsekeredwe payekha, ana asamuyandikire, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe. Amene walumidwa kapena wakhudza malovuwo ndi dzanja la bala atsuke malowo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera.